Kalata Imene Bambo Sanathe Kuwerenga

Punta Allen,
14 Novembala 1999

Wokondedwa mwana wanga Wilberth,

Moni wa masiku ambiri. Kaya uli bwanji kumeneko ku San Francisco? Ife kuno tilipo, kungoti msana wanga ndi womwe uja, ndipo mayi ako amadandaula mawondo mphepo ya kumpoto ikayamba. Kalata yako ya mu Ogasiti tinailandira mochedwa. Inagona milungu itatu pansi pa mpando m'lole ya a Remigio, yonyamula makalata ija, chifukwa msewu wa ku Tulum unaduka ndi mvula.

Alendo oweza nsomba ayamba kufika pa loji. Sabata yathayi ndinali ndi awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndipo pofika tsiku lachiwiri anali atafiira ngati nkhanu zophika. Ntchito ukuidziwa, sinasinthe. Ndimaima kumbuyo kwa bwato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mtengo wokankhira uli m'manja, maso ali m'madzi osaya aja. Ndikaona nsomba ya macabí ndimanong'ona kuti leveni koloko, mamita khumi ndi asanu, ponyani. Mlendo uja m'malo moponya amayang'ana wotchi ya pamkono pake. Ndimayambanso kumufotokozera kuti mutu wa bwato ndiye thwelofu koloko, leveni ili chakumanzere pang'ono. Pomwe azimvetsa, nsomba yafika kale kudziko la Belize. Mwamunayo anakola chipewa changa kawiri ndi nyambo yake ya nthenga, kachitatu anakola khutu. Pomaliza anagwira kamacabí kamodzi, n'kukapsompsona, mkazi wake n'kujambula, kenako n'kukabwezera m'madzi. Nditafotokoza kunyumba, mayi ako anati mpaka lero sakumvetsa anthu amene amawoloka nyanja pa ndege kudzapsompsona ndiwo.

A Harlan, mlendo wathu wa chaka ndi chaka uja, alemba kale kuti abwera mu Malichi, ulendo wa khumi ndi chiwiri, kudzasakanso nsomba ya palometa imene sanaigwirepo chiyambire. Mdala ameneyo ndi ine tikukalambira m'bwato limodzi.

Ndatopa, mwana wanga. Madzi chaka chino sakuyera ngati kale. Pamwamba pake pamakhala ngati kankhungu, makamaka dzuwa likafika pamutu. Anzanga akuti madzi ali bwinobwino, koma ambiri a iwo anayamba ntchitoyi dzulodzuloli, sakudziwa mmene ankayerera.

Chimene ndalembera ndi ichi. Undigulire magalasi oonera m'madzi, osati akuda aja, koma achikasu. Mlendo wina anandibwereka ake ndipo pansi panaoneka bwinoko.

Chinanso, bwana wa pa loji akuti akufuna kuti bwato lililonse lizikhala ndi anthu awiri, wina wokankha kumbuyo, wina kutsogolo pambali pa mlendo. Ndinaganiza za iwe. Unkaona mchira wa palometa ine ndisanatembenuze n'komwe mutu. Sindikukukakamiza. Ndangoti udziwe kuti malo alipo.

Mayi ako akuti uzidya. Utiyankhe msanga.

Ndine bambo ako,
Nicanor Cauich

San Francisco,
9 Januwale 2000

Okondedwa bambo ndi amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo Khirisimasi munaidya mwamtendere. Pepani pochedwa kuyankha. Ndikugwira ntchito m'makhitchini awiri. M'mawa ndimasenda ndi kuduladula, madzulo ndimatsuka mbale kwina. Manja anga ang'ambikang'ambika ndi madzi otentha, moti Lamlungu ndikati ndigwire cholembera tulo timandipeza ndisanalembe deti.

Koma pali zabwino ziwiri. Mkulu wa ophika anandiona tsiku lina ndikutumbula nsomba, anaima kumbuyo kwanga mpaka ndinamaliza, ndipo akuti andichotsa pa mbale andiike pa nsomba. Chachiwiri, pali mtsikana wina dzina lake Araceli, wa kwathu konko, ku Oxkutzcab, amaphika buledi pafupi ndi pomwe ndimakhala. Amayi musayambe kusoka diresi, sitinafike patali.

Magalasi ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Ndinakawagula m'sitolo ya zipangizo za anthu oweza ndi nyambo za nthenga. Bambo, mukanaona. Ndodo za mbedza zaimikidwa pakhoma ngati makandulo m'tchalitchi. Ndili pamzere ndinaona chithunzi chachikulu: mzungu wanyamula palometa, akuseka mano onse pamtunda, ndipo kumbuyo kwake kuli munthu wogwira mtengo, nkhope yake yadulidwa theka. Ndinazindikira malaya abuluu amene amayi anaika chigamba paphewa. Munali inu. Pansi analemba dzina la mzunguyo ndi kulemera kwa nsombayo, basi. Wogulitsa ataona ndikuyang'anitsitsa anandiuza kuti kumeneko ndi paradaiso, munthu aliyense asanafe akapondeko. Ndinangolipira n'kutuluka.

Tsono nkhani ya kutsogolo kwa bwato ija. Bambo, tinakambirana kale padoko zaka zinayi zapitazo, ndipo ndinkayesa kuti inatha. Mukudziwa kuti ndilibe mapepala. Ndikangotuluka m'dziko muno chitseko chimatsekeka kumbuyo kwanga, ndipo njira ya m'chipululu ija sindingaiyendenso kachiwiri. Mumati simukundikakamiza, koma kalata iliyonse mumandikumbutsa kuti malo alipo. Ine sindikufuna kudzakalamba ndikulozera anthu ena nsomba kuti ajambulitse nazo. Musandimve molakwa, ntchito yanu ndiyo inandilera. Kungoti si yanga.

Ndaona kuti zilembo zanu zakula ndipo mizere ikutsetserekera pansi. Kodi mumalemba muli m'bwato?

Mundiuze ngati magalasi akwana, komanso ngati nkhanu za langosta zagwidwa bwino chaka chino.

Mwana wanu,
Wilberth

Punta Allen,
6 Febuluwale 2000

Wilberth mwana wanga,

Uli bwanji? Manja ako uzipaka mafuta a kokonati usanapite ku ntchito. Za Araceli ndamva, ndipo diresi sindinasoke, ndangofunsa mtengo wa nsalu.

Kalata iyi bambo ako sakuidziwa. Ndikulembera kwa a Petrona, anzanga a pafupi ndi sukulu aja, ndipo ndikaipereka ndekha kwa a Remigio.

Bambo ako asintha. Ndakhala ndikuzisunga mumtima kuyambira Disembala koma zandikulira. Ndikuganiza kuti ayamba kumwa.

Tamva zimene ndaona. Anadutsana ndi a Petrona pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo, osawapatsa moni, anthu amene anakunyamula pa ubatizo. M'mawa wina anathira khofi patebulo, kapu ili pambali, n'kunena kuti ndine ndaisuntha. Anagwa pa matabwa a padoko, n'kuchekeka mwendo, anthu akuona. Mlungu wathawu anagunditsa injini pamwala polowera kugombe, mwala umene akuudziwa kuyambira ali mwana. Bwana wa pa loji anawakhazika kumtunda masiku awiri. Masiku awiri amenewo anangokhala m'chitanda chawo cha ukonde, nkhope atalozetsa kukhoma, ndipo mkate wa chimanga wa tortilla anadya umodzi wokha.

Ndanunkhiza malaya awo, sindinamve fungo. Ndafufuza m'bwato ndi kuseri kwa thanki ya madzi, sindinapeze botolo. Koma a Petrona akuti alendowa amabwera ndi mowa wina woyera wosanunkha, ndipo amapatsa owaperekeza. Chinanso, madzulo alionse akumakhala ndi anzawo a mabwato ena, kuwafunsa kuti lero munapita kuti, munaona chiyani, madzi anali pati. Kodi bambo ako anayamba afunsapo munthu kumene kuli nsomba? Anthu ndiwo ankabwera kudzafunsa iwo.

Agogo ako aamuna, bambo awo, anayamba chonchi, ndipo ukudziwa mmene anathera. Nditawafunsa anangoti, "Mayi, ndisiyeni, ndatopa." Zaka makumi atatu ndi zinayi m'banja sanandiyankhepo chotero.

Magalasi anafika. Anavala tsiku limodzi, anabwera nawo ali m'thumba, anawaika pamwamba pa kabati. Kalata yako ndinawawerengera akudya monga mwa masiku onse. Pa nkhani ya chithunzi anaseka. Pa nkhani ya bwato anasiya kudya n'kutuluka panja.

Iwe uli kutali koma amakuchitira manyazi kuposa ine. Uwalembere. Ine mawu andithera.

Mayi ako,
Leocadia

San Francisco,
27 Febuluwale 2000

Bambo,

Moni. Pa envelopu ndalemba kuti kalata iyi ndi yanu nokha, amayi asaitsegule, chifukwa zimene ndikufuna kunena ndi za inu ndi ine.

Ndamva kuti mwayamba kumwa. Musafunse amene wandiuza, mudzi wathu ndi waung'ono. Ndamva za padoko, za injini, ndi zoti bwana anakukhazikani kumtunda ngati munthu woyamba kumene ntchito.

Inu ndi amene munandimenya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu mutandipeza ndi botolo limodzi la mowa. Munandiimika pa manda a agogo n'kundiuza kuti m'nyumba ya Cauich chidakwa chinali chimodzi ndipo chakwanira. Lero mukufuna kukhala chachiwiri? Ine kuno ndimaima maola khumi ndi asanu patsiku, ndimagona m'chipinda cha anthu anayi, ndimaopa wapolisi aliyense pamsewu, koma sindinamwepo. Ndimati ndikafooka ndimakumbukira inu mutaima kumbuyo kwa bwato.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake munkandiitana. Mumafuna ndidzaime kutsogolo kuti ndizikubisirani manyazi, ine ndiziona nsomba inu muli ndi botolo kumbuyo. Mukanandiuza zoona. Ngati mukumwa chifukwa ndinakana kubwera, dziwani kuti sizindibweretsa. Mukuzunza amayi pachabe.

Mundiyankhe nokha, ndi dzanja lanu.

Wilberth

San Francisco,
2 Epulo 2000

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, andiika pa nsomba ndipo manja ayamba kupola. Ndinawalembera bambo monga munapempha, patha milungu isanu, palibe yankho. Ndimayang'ana m'bokosi la makalata m'mawa ndi madzulo mpaka anzanga akundiseka kuti ndili ndi chibwenzi china. Ngati akwiya, akwiye, koma zimene ndinalemba sindibweza. Ingondiuzani ngati asiya, komanso ngati akudya.

Wilberth

Punta Allen,
9 Epulo 2000

Mwana wanga,

Moni. Unati ndikuyankhe ndi dzanja langa. Sinditha. Dzanja ukulionali ndi la mayi ako, ine ndikungoyankhula, ndipo ndawapempha kuti alembe zonse osachotsa kanthu.

Sindimwa, Wilberth. Maso anga ndiwo akutha.

Zinayamba chaka chatha ndi diso lamanja. Ndinkati ndi mchere, ndinkati ndi dzuwa. Pofika Khirisimasi lamanzere linatsatira. Ndimaona kuwala, ndimaona kuti apa pali munthu, apo pali bwato, koma nkhope ndimaizindikira munthu akayankhula. M'madzi ndimangoona kunyezimira.

Ufunsa kuti nanga ndimagwira bwanji ntchito. Nyanja iyi ndili nayo m'mutu. Ndimadziwa kuti mwezi ukakhala chakuti, mphepo ikachokera chakuti, madzi akayamba kudzaza, macabí amalowera pampata uti. Mchenga ndi matope ndimazisiyanitsa ndi nsonga ya mtengo. Ndiye ndinkaimika bwato pamalo, n'kudikira, n'kunena molimba mtima kuti teni koloko, mamita makumi awiri, ponyani. Sindinkaona kanthu. Nthawi zina nsomba inkapezekadi, mlendo n'kumauza anzake kuti mdala uyu ali ndi maso a chiwombankhanga. Ikapanda kupezeka ndinkati mwachedwa, yathawa. Ndanamiza anthu miyezi inayi, ndipo zimenezi zanditopetsa kuposa mtengo.

Kalata yako inafika pa 12 Malichi. Mayi ako anandipatsa ili yomata chifukwa unalemba kuti ndi yanga ndekha. Ndinaitsegula kuseri kwa nyumba, ndinaiyandikitsa, ndinaitalikitsa, ndinaiika padzuwa. Inali ngati nyerere zoyenda pa pepala. Ndinaiika m'thumba la malaya ndipo ndinayenda nayo masiku asanu.

Sabata imeneyo ndinali ndi a Harlan. Tsiku lawo lachisanu tinali kuseri kwa chilumba cha mbalame chija, madzi akudzaza, mphepo itagona. Ine ndinkayang'ana kumanzere monga munthu amene akufufuza. Ndinamva mdala uja waleka kusuntha miyendo. Kenako ananong'ona kuti, "Nicanor, palometa zitatu, wanu koloko. Michira ili pamtunda."

Ndinatembenuza bwato pang'onopang'ono. Akuti zinali pafupi, zoti ngakhale mwana wa sukulu akanaziona. Ndinati ponyani. Sanaponye. Ndinamva akukulunga chingwe, n'kuika ndodo pansi, n'kukhala pa bokosi la chakudya.

"Zayamba liti?" anandifunsa.

Ndinawauza. Anati anazindikira tsiku lachiwiri, pamene ndinawauza kuti aponyere nsomba pomwe panali chitsa.

Tinakakhala pamthunzi wa mitengo ya m'madzi ija kudya chamasana. Pamenepo ndinatulutsa kalata yako n'kuwapempha kuti andiwerengere, chifukwa ndinati mwina mwana wanga ali m'mavuto. Chiyankhulo chathu ukudziwa mmene amachiyankhulira, ngati mwana wa zaka zitatu. Anayamba kuwerenga liwu limodzilimodzi, mokweza, mokondwa, osamva chimene akuwerenga. Atafika pa manda a agogo ako mawu awo anatsika. Atafika pa liwu loti chidakwa anaima, n'kufunsa ngati apitirize.

Ndinati, "Pitirizani, ndi mwana wanga ameneyo."

Anawerenga mpaka dzina lako. Anaipinda bwinobwino n'kuibwezera okha m'thumba langa. Kenako anati mwana ameneyu amakukondani kwambiri ndipo akufunika mbama imodzi. Tinaseka tonse, ine mpaka misozi. Ndinawapepesa kuti ataya palometa imene aidikira zaka khumi ndi ziwiri. Anati phewa lawo nalonso linatha kalekale, mwina sakanafikitsa n'komwe. Masiku awiri otsalawo iwo ankaona, ine ndinkakankha. Sitinagwire kanthu.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawauza mayi ako. Analira, kenako anakwiya, masiku awiri osandiyankhula. Anandifunsa kuti ndinalolera bwanji kuti iwo, iwe ndi mudzi wonse mundiyese chidakwa. Ndinawayankha zimene ndikukuyankha iwe: chidakwa amachipatsabe bwato, wakhungu samupatsa.

A Harlan sanauze munthu. Atapita ndinakadziulula ndekha kwa bwana, ndipo bwato lapatsidwa kwa wina.

Kalata yako sindinakwiye nayo. Penapake unanena zoona. Pokuitana paja ndinkafuna maso ako, ndipo sindinaganize za moyo wako. Pamenepo undikhululukire.

Bambo ako,
Nicanor

Ine mayi ako ndikuwonjezera. Ndine ndinakusokeretsa. Munthu ndimagona naye nyumba imodzi, ndinanunkhiza malaya ake onse koma m'maso mwake sindinayang'anemo. Tipita kwa dokotala ku Chetumal tikangopeza tsiku.

San Francisco,
14 Meyi 2000

Okondedwa bambo,

Amayi, muwawerengere pang'onopang'ono.

Moni nonse. Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa khitchini, pa mabini, ndipo sindinathe kubwereranso mkati mpaka mnzanga anadzanditenga. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine mlomo wanga ndinauika mu envelopu, ndinaumata, ndipo munayenda nawo pachifuwa masiku asanu. Ndikaganiza kuti mawu amenewo munawamvera m'kamwa mwa mlendo, manyazi amandigwira. Ndinaona zilembo zanu zikukula, munapempha magalasi, munandiuza za nkhungu pamadzi. Zonse munandiuza, ine ndinali otanganidwa ndi kudziteteza. Pepani, bambo.

Ndaganiza zobwera. Ndigwira ntchito mpaka kumapeto kwa Julayi kuti ndisafike chimanjamanja, kenako ndinyamuka. Ndikufuna kuti pokakuonani dokotala wamkulu ndidzakhalepo.

Araceli ndamuuza. Sanandiletse, koma akuti iye sangachoke, mayi ake ndi azing'ono ake atatu amadya kuchokera mu uvuni umene amagwirapo. Tikuonanabe, koma tikakhala pamodzi timangokamba za nyengo.

Mundiuze zimene a ku Chetumal anena.

Mwana wanu,
Wilberth

Punta Allen,
25 Juni 2000

Mwana wanga,

Moni, ndi ine ndi dzanja la mayi ako. Kalata yako yatipeza dzana, titabwerako ku Chetumal.

Dokotala akuti diso lamanzere lili ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Atilembera tsiku ku Mérida mu Ogasiti. Lamanja akuti linafa ndi matenda a shuga amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Akuti ndidzatha kuona nkhope ndi kuyenda ndekha. Nditamufunsa za macabí pa mamita makumi awiri anayamba wafunsa kuti macabí ndi chiyani, kenako anati ayi.

Bwana sananditaye. Wandipatsa ntchito yoti m'mawa uliwonse ndizikhala padoko n'kumauza a mabwato kumene apite malinga ndi mphepo ndi madzi. Madzulo ndimakhala ndi alendo pakhonde, kuwafotokozera nkhani za nsomba zakale. Ndasanduka wailesi. Amandiwombera m'manja, ena amandijambula. Nyengo ya alendo yatha tsopano, ndipo sindikudziwa ngati ntchito ya wailesiyi idzakhalapo mu Novembala.

Tsono tamvera bwino. Usabwere. Ndinakuitana pamene ndinali ndi bwato, lero ndilibe. Ukabwera udzapeza madala awiri, nyumba yodontha ndi udzudzu. Kumeneko uli ndi ntchito imene unaipeza ndi manja ako, ndipo uli ndi mtsikana. Ukufuna kubwera chifukwa cha manyazi a kalata ija, ndipo manyazi amatha pakapita miyezi itatu, koma malire a dziko sadzakutsegulira. Ku Mérida andiperekeza mayi ako. Amandigwira dzanja pamsewu ngati tili pa chibwenzi, ndipo amandikalipira pa sitepe iliyonse.

Ndanena monga bambo ako. Khala komweko.

Nicanor

Punta Allen,
3 Seputembala 2000

Wokondedwa Araceli,

Moni mwana wanga. Sitinaonanepo. Ndine Leocadia, mayi ake a Wilberth. Keyala ya malo ako a ntchito ndaipeza pa pepala limene anakulungira magalasi a bambo ake. Ukhululuke kuti ndikukuvutitsa.

Kalata imene tinamulembera mu Juni, yomuuza kuti asabwere, yabwerera kuno yosatsegula, itadindidwa kuti munthuyo sakhalanso pamenepo. Anati anyamuka kumapeto kwa Julayi. Lero ndi Seputembala, kuno sanafike, ndipo chilembere mu Meyi sitinamvenso kanthu. Ngati ali komweko ndipo wasintha maganizo, umuuze kuti palibe amene wakwiya, ndi zimene bambo ake ankafuna. Ngati ananyamuka, undiuze tsiku ndi njira. Ngati pali china choipa, undiuzebe, usandibisire. Kubisirana kwatipweteka kale mokwanira m'nyumba muno.

Ukamuona umuuze kuti opareshoni inatheka. Bambo ake akuona ndi diso limodzi. Atawamasula nsalu anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti sankadziwa kuti imvi zandichuluka chonchi. Masiku ano lole ya a Remigio ikamalowa m'mudzi amakaima pamsewu, akuti akukafunsa za nyambo, koma ine ndikudziwa amene akumuyembekeza.

Ndatopa ndi kudikira makalata, mwana wanga. Undiyankhe ngakhale mizere iwiri.

Leocadia Pat

Felipe Carrillo Puerto,
4 Okutobala 2000

Bambo ndi amayi,

Ndili moyo. Kapepala aka ndapatsira a Gaspar amene akuwolokera kumeneko pa bwato ndi madzi oundana osungira langosta.

Apolisi oona za mapepala anatigwira pa 6 Julayi kukhitchini, tonse asanu ndi awiri. Ndinakhala m'ndende milungu isanu, kenako anatitsitsa pa malire ku Tijuana ndi zovala zimene tinali nazo pathupi. Zonse zimene ndinasunga zinatsala m'chipinda chija, ndipo Araceli sindinatsanzikane naye. Ndayenda dziko lonseli pang'onopang'ono, kutsuka mbale apa, kusenza matumba apo. Ndikanatha kulemba. Ndinkati ndilemba ndikapeza choti ndibwere nacho, koma sindinachipeze.

Ndili muno tsiku lachinayi. Bwato la a Gaspar lili ndi malo, ndipo ndinafika nawo mpaka padoko la ku Playón, powolokera kubwera kwathu, koma ndinabwerera osakwera. Ndinalonjeza kudzakhalapo pa opareshoni, sindinakhalepo. Ndinati sindifika chimanjamanja, ndili ndi thumba la pulasitiki lokha. Ndipo kalata ija idakalipo pakati pathu.

Ngati mukuti ndibwere, a Gaspar abwerera Lachisanu. Ngati ayi, ndikafuna ntchito ku Cancún ndipo ndidzamvetsa.

Wilberth

Punta Allen,
5 Okutobala 2000

Wilberth,

Zilembo zoipazi ndi zanga. Mayi ako sangalembe, akulira ndi kuphika nthawi imodzi.

Ndinakulembera kuti usabwere, kalatayo sinakupeze, ndipo sindibwerezanso. Ntchito sindikukulonjeza. Denga likudontha mbali yako, udzakonza wekha.

Usakwere la a Gaspar. Ndabwereka bwato kwa amuna awo a Petrona. Loweruka m'mawa, madzi akamadzaza, ndibwera ndekha kudzakutenga ku Playón. Mayi ako akhala kutsogolo kuti azindiuza za miyala ndi zitsa, ndipo ayamba kale kundilamula tisanachoke n'komwe pakhomo.

Padoko pamenepo pamakhala anthu ambiri, ndipo ine patali sindiona nkhope. Ukaona bwato lobiriwira likubwera pang'onopang'ono, usangokweza dzanja. Uitane kuti bambo, mokweza, ndikhotere komweko.

Nicanor